Ntcheu ndi Nyanja: Mbiri ya Sitima, Njanji ndi Madoko

Chaka cha mliri

Chaka cha 2020 tonse tikuchikumbukira. Kunagwa mliri wa Covid-19. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi. Ndege zochokera kunja zinaleka kutera kuyambira pa 1 Epulo mpaka mwezi wa Sepitembala.

Boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21. Linati kuyambira pa 18 Epulo aliyense akhale pakhomo. Mavenda anakwiya, pakuti iwo amadya zimene apeza tsiku lomwelo. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linakadandaula kukhoti. Pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso, ndipo m'bindikiro uja sunachitike. Nzika zikadandaula motsata lamulo, khoti limatha kuimitsa ganizo la boma.

Komabe kunyanja kunati zii. Alendo akunja sanabwere. Malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay anasowa makasitomala, ndipo antchito ambiri anabwerera kumudzi. Amene sanaleke kupita ndi amayi ndi abambo a geni ya nsomba, chifukwa nsima siidyeka yopanda ndiwo.

Phokoso litachepa, woyenda pagombe ankatha kuona bwino zinthu zimene masiku onse amangozidutsa: zitsulo za dzimbiri, njanji yomera udzu, sitima zakale zongokhala pamadzi. Kabuku kano kakufotokoza kumene zinthu zimenezi zinachokera.

Njira yotsikira kunyanja

Boma la Ntcheu lilibe gombe. Gombe ndi malo amchenga m'mbali mwa nyanja. Koma nyanja siili kutali nafe. Kuchokera ku Kasinje kapena ku Sharpevale, msewu wa M5 umakufikitsani pa Golomoti m'boma la Dedza. Mukakhotera kum'mawa, mwagwira njira ya ku Malembo ndi ku Monkey Bay. Mukalunjika kumpoto, mudutsa Mua n'kufika ku Chipoka.

Kachewere, kabichi ndi tomato za ku Lizulu ndi ku Tsangano zimatsika. Usipa ndi utaka zimakwera. Malonda amenewa onse amawadziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sitima zazikulu za panyanjapo zinafika ndi mphamvu za anthu a kumtunda.

Sitima yoyenda pamitu ya anthu

Sitima yoyamba ya injini kulowa m'nyanja ya Malawi inali Ilala. Si Ilala imene tikuidziwa lero ayi, koma ina yaying'ono. Anabwera nayo amishoni a ku Scotland mu 1875. Mtsogoleri wawo anali E. D. Young, ndipo m'gulumo munali Dr Robert Laws.

Anakwera nayo mtsinje wa Zambezi, n'kulowa Shire. Atafika pamathithi, sitima sinathe kupitirira. Anaimasula zidutswazidutswa. Amuna pafupifupi 800 anasenza zidutswazo mtunda wa makilomita pafupifupi 100, pamiyala, dzuwa likuswa mtengo. Kumtunda kwa mathithi anailumikizanso. Pa 12 Okutobala 1875 inalowa m'nyanja.

Amishoni anamanga ku Cape Maclear, kumene eni ake amati ku Chembe. Malungo anawavuta. Manda awo alipo mpaka lero m'tsinde mwa phiri. Munthu woyamba kubatizidwa kumeneko anali Albert Namalambe, mu 1881, ndipo chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe. Amishoni omwewa ndi amene anadzatsegula malo ku Livulezi, kwathu kuno, mu 1887.

Angoni 450

Nkhani iyi tiiwerenge mofatsa, chifukwa ikutikhudza.

Pa 27 Okutobala 1896 asilikali a Angerezi anapha Inkosi Gomani yoyamba. Ulamuliro wa Angoni a Maseko unathyoka. Kenaka kunabwera msonkho wa nyumba. Msonkho unkafuna ndalama, koma m'midzi munalibe ndalama. Munali ng'ombe, mbuzi ndi chimanga. Choncho amuna ambiri a m'mapiri a Ntcheu ndi Dedza anayamba kupita ku Blantyre kukafuna ntchito. Ena analowa m'minda ya azungu. Ena anakhala amtengatenga. Mtengatenga ndi munthu wolembedwa ntchito yosenza katundu pamutu, ulendo wa masiku ambiri.

M'zaka zomwezo mpingo wa Anglican unagula sitima ku Glasgow. Anaitcha Chauncy Maples, dzina la bishopu amene anamira m'nyanja mu 1895. Nayonso inabwera zidutswa, zoposa 3,000. Zambiri zinkasenzeka ndi munthu mmodzi kapena awiri. Koma panali chinthu chimodzi chosamasulika: boyila. Boyila ndi chithanki chachitsulo chowiritsiramo madzi. Nthunzi yake ndiyo imayendetsa injini. Boyila imeneyi inkalemera matani 11, kufanana ndi matumba 220 a chimanga a makilogalamu 50.

Anaiika pangolo ya mateyala achitsulo. Kunalibe galimoto yoikoka. Anaikoka ndi zingwe amuna 450 a Chingoni, kuchokera kumunsi kwa mathithi, kukwera zitunda, kuwoloka makwawa, mpaka kukafika kumtunda kwa Shire. Patsiku ankayenda makilomita pafupifupi 5 basi. Pokwera ankakoka. Potsetsereka ankagwira kumbuyo kuti ngolo isawathawe n'kuponda anzawo.

Zidutswa zonse zitafika kufupi ndi Mangochi, kunabuka vuto lina. Ku Glasgow analemba nambala pachidutswa chilichonse, koma mankhwala oteteza dzimbiri anafufuta manambalawo. Amisiri anachita kuyesa chimodzichimodzi kuti aone pamene chikulowa. Ntchito inatenga zaka ziwiri. Sitima inalowa m'madzi mu Juni 1901.

Chauncy Maples inkanyamula ansembe, aphunzitsi ndi mankhwala. Pambuyo pake boma linaigula, ndipo inanyamula anthu ndi katundu. Kwa zaka zambiri tsopano yangokhala ku Monkey Bay. Mabuku a mbiri amatchula dzina la bishopu ndi la kampani yopanga sitima. Amuna okoka boyila aja amangowatchula kuti Angoni 450. Izi sizinayende bwino.

Nkhuni ndi madzi

Sitima zakale sizinkamwa dizilo. Zinkayendera nkhuni. M'mbali mwa nyanja munali malo oimapo kuti zitenge nkhuni, ndipo anthu a m'midzi ankadula mitengo n'kuiunjika pagombe. Kampani ya Mandala, imene inayamba mu 1878, inali ndi sitima zake zonyamula katundu wa malonda.

Kenaka nyanja inaphwa. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 madzi anatsika kwambiri, moti analeka kutulukira mu Shire. Mumtsinje munadzaza mchenga ndi bango. Sitima sizinathenso kutsika kukatenga katundu ku Matope. Panafunika njira ina.

Njanji ya m'chigwa cha Bwanje

Njira inayo inali njanji. Mu 1935 mlatho waukulu wa pa Zambezi unatha, ndipo njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima. Inadutsa ku Balaka, n'kulowa m'boma la Ntcheu, kutsata chigwa cha Bwanje. Masiteshoni a Bilila ndi Sharpevale ndi a nthawi imeneyo. Dzina la Sharpevale linachokera kwa Alfred Sharpe, amene anali bwanamkubwa wa Nyasaland.

Pa Chipoka njanji inakhudza nyanja, ndipo panamangidwa doko. Doko ndi malo okochezapo sitima, otsitsirapo ndi kukwezerapo katundu. Katundu wochokera ku Beira ankatsika m'sitima ya pamtunda n'kukwera m'sitima ya pamadzi, kupita ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga. Mpunga wa kunyanja ndi thonje la m'chigwa zinkalowera kumwera.

Lero doko la Chipoka silitanganidwa monga kale. Malole anatenga katundu wambiri, ndipo misewu yathu ndiyo ikulira. Sitima ya pamtunda yonyamula anthu kukafika ku Salima inaleka kalekale. Komabe njanji ndi chuma cha tonse. Wozula zitsulo zake kukagulitsa akubera mudzi wake womwe.

Tsiku la Vipya

Pa 30 Julayi 1946 kunachitika ngozi yaikulu. Sitima yatsopano yotchedwa Vipya inali paulendo wake wachinayi chabe. Mphepo ya mwera inakula. Mafunde anaigubuduza kufupi ndi Chitimba, kumpoto, ndipo inamira mofulumira. Anthu 145 anafa. Ambiri anali anthu akuda amene anakwera m'chipinda chapansi, cha mtengo wotsika.

Ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pali chikumbutso cha anthu amenewa. Pomwepo pali mfuti yaikulu ya sitima ya nkhondo ya Guendolen, imene inaombera sitima ya Majeremani ku Liuli mu Ogasiti 1914.

Mwera umawomba kwambiri m'miyezi yozizira, makamaka Juni ndi Julayi. Ife a kumapiri ambiri sitidziwa kusambira. Boti likadzaza, dikirani lina. Akakupatsani jekete yoyandamitsa, valani.

Ilala inadutsa kwathu

Vipya itamira, panafunika sitima ina. Kampani ya Yarrow ya ku Glasgow inapanga Ilala yachiwiri mu 1949. Ulendo uno amtengatenga sanavutike nayo. Zidutswa zake zinafika ku Beira, n'kukwera njanji mpaka ku Chipoka. Ndiye kuti Ilala, isanagunde madzi, inadutsa pa Bilila ndi pa Sharpevale ili m'mabogi. Mwina agogo ena a m'chigwa anaiona ndi maso, osadziwa kuti ndi sitima.

Anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Ndi yotalika mamita 52 ndipo imanyamula anthu oposa 300. Anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu aidalira zaka zoposa 70. Ku Monkey Bay kuli malo okonzerako sitima ndi sukulu yophunzitsa oyendetsa sitima.

M'zaka zomwezo, 1949 ndi 1950, ndege zotera pamadzi zinkaima ku Cape Maclear paulendo wochokera ku England kupita ku Johannesburg. Sizinakhalitse.

Nsomba

Usodzi wa makampani unayamba m'ma 1930 ndi Agiriki a banja la Yiannakis, kufupi ndi Mangochi. Pambuyo pake ntchitoyo inapita m'manja mwa kampani ya Maldeco. Makampaniwa anabweretsa maboti a injini, makoka akuluakulu ndi ayezi. Chambo chinayamba kufika ku Blantyre chili chachiwisi.

Akuluakulu amakumbukira nthawi imene chambo chinali ndiwo ya munthu wamba. Lero n'chodula, chifukwa chinachepa. Asodzi anachuluka. Ena amakokera maneti a udzudzu, amene amakokolola ndi tiana tomwe. N'chifukwa chake chaka chilichonse, kuyambira pa 1 Novembala, boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane. Wogula nayenso ali ndi mbali yake. Tikakana kugula tiana ta chambo pamsika wa Ntcheu, msodzi sadzativutikira.

Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, chifukwa cha tinsomba ta mawangamawanga totchedwa mbuna. Malo amenewa si a alendo akunja okha. Mmalawi amalipira ndalama yochepa polowa.

Ntchito ya kalasi lathu

Amayi ndi abambo, tsopano mukutha kulemba. M'mudzi mwanu mungakhale agogo amene anagwira ntchito panjanji, padoko la Chipoka kapena m'sitima. Mwina alipo amene anamva kwa makolo awo za umtengatenga. Pitani mukacheze nawo sabata ino. Lembani m'kope dzina lawo, mudzi wawo, ntchito imene ankagwira ndi chaka chake. Mubwere nalo kopelo kukalasi, tidzawerengere limodzi.