Mankhwala a Malungo Amene Anapeza Nchito Ina

Anthu amene anadza ku Kafue kudzagwira nchito m'mafakitale, monga ya Nitrogen Chemicals of Zambia yotsegulidwa m'caka ca 1970, ndi ya nsaru ya Kafue Textiles, anapeza udzudzu wambiri m'madambo a mtsinjewo. Masiku amenewo mankhwala a malungo anali klorokwini. Akuluakulu akumbukirabe kuŵaŵa kwace, ndi kuyabwa kwa thupi lonse kosowetsa tulo. Koma popeza munthu anali kumwa masiku atatu okha, mabvutowo sanali kukhalitsa.

Mankhwala a mtundu umenewu ali ndi mbiri inanso. M'caka ca 1894 dotolo wa ku London, dzina lace J. F. Payne, anapatsa kwinini anthu odwala lupus. Pa nthenda imeneyi mphamvu zocinjiriza thupi zimaukira mwini wace, niziononga khungu, mfundo za mafupa ndi impso. Pa Nkhondo Yaciŵiri ya Dziko Lonse asilikali anali kumwa mepacrine poopa malungo. Khungu lao linasanduka lacikasu, komabe ena odwala nyamakazi anapezako bwino. M'caka ca 1955 ku America anabvomereza hydroxychloroquine, mbale wace wa klorokwini, wofatsirapo pang'ono.

Tizirombo ta malungo titaleka kumva klorokwini, dziko la Malaŵi linausiya m'caka ca 1993, ndipo m'caka ca 2002 boma la Zambia linasankha Coartem. Koma odwala lupus ndi nyamakazi yotupitsa mfundo amamwabe hydroxychloroquine tsiku ndi tsiku, zaka zambiri.

Coopsa cagona pa kutalika kwa nthawiko. M'caka ca 1959 madotolo a ku London anaona kuti klorokwini womwedwa nthawi yaitali amaononga m'kati mwa diso. Wodwala samva kupweteka, ndipo pamene ayamba kuona mwacimbuuzi, cimene caonongekaco sicibwereranso. Cifukwa cace lero muyeso wa hydroxychloroquine supitirira mamiligalamu 5 pa kilogalamu iri yonse ya thupi pa tsiku. Maso amapimidwa poyamba, ndipo zikatha zaka 5 amapimidwa caka ndi caka. Mankhwalawa angathenso kusokoneza kugunda kwa mtima, ndipo mibulu yoŵerengeka yokha ingaphe mwana wamng'ono.

Komabe wodwala lupus akawasiya mwa yekha, nthenda ingabwerere ndi ukali. Tsono wa ku Kafue wopatsidwa mankhwalawa amwe monga dotolo anamuuza, awabise kutali ndi ana, ndipo asaiwale tsiku lopimitsa maso.