Milatho, ndakatulo ndi khoti: mbiri ya amayi oyamba pa uinjiniya wa zomangamanga

Mlatho wa Brooklyn mumzinda wa New York unatsegulidwa pa 24 Meyi 1883 patatha zaka 13 akuumanga. Woyamba kuwoloka pa ngolo yokokedwa ndi akavalo anali mayi, Emily Warren Roebling, atanyamula tambala ngati chizindikiro cha kupambana. Ulemuwo sanaulandire chifukwa chokhala mkazi wa bwana. Anaukhetsera thukuta.

Amene anajambula pulani ya mlathowo anali apongozi ake, John Roebling, omwe anamwalira ndi kafumbata mu 1869 boti litawaphwanya phazi. Ntchito inagwera mwana wawo Washington, mwamuna wa Emily. Kuti akumbe maziko pansi pa mtsinje wa East River, amisiri ankamiza mabokosi akuluakulu a matabwa opanda pansi, n'kumapoperamo mpweya wamphamvu woti madzi asalowe, anthu n'kumakumba matope ali m'katimo. Munthu akatuluka msanga m'malo oterowo, mpweya umachita thovu m'magazi, mafupa n'kumaphwanya, miyendo n'kufa. Washington anadwala matendawa ndipo kuchokera mu 1872 sankathanso kufika pamalo a ntchito.

Emily anayamba ngati wopereka uthenga, kuchoka m'chipinda cha wodwala kupita kwa amisiri. Koma uthenga wa uinjiniya superekeka ngati woupereka sakuumva. Anaphunzira masamu, kulimba kwa chitsulo ndi kalukidwe ka zingwe zonyamula mlatho, mpaka ankayankha yekha mafunso a makontirakitala. Mu 1882 andale atafuna kuchotsa mwamuna wake paudindo, iye ndiye anaima nawo maso ndi maso. Digiri ya uinjiniya analibe, ndipo panalibe bungwe la akatswiri lomwe likanamulandira. Mlatho utatha anatembenukira ku zimene zinkamupweteka mumtima: anaphunzira zamalamulo ku New York University, n'kulandira satifiketi mu 1899, ndipo analemba nkhani yodzudzula malamulo opondereza akazi okwatiwa ndi amasiye.

Mukamatsatira mbiri ya amayi oyambirirawa, chinthu chimodzi chimabwerezabwereza. Pafupifupi aliyense anali ndi china chimene mtima wake unkakonda pambali pa milatho ndi misewu. Zolemba zambiri zimangochitchula mongodutsa, ngati zokometsera nkhani. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri kumeneko n'kumene ankathawira khomo la ntchito likawatsekekera.

Taonani Alice Perry wa ku Galway, ku Ireland. Bambo ake anali mkulu woyang'anira misewu ndi nyumba za boma m'chigawo chawo. Alice anatenga digiri ya uinjiniya mu 1906 atakhoza pamwamba penipeni, n'kukhala mayi woyamba kutero ku Ireland ndi ku Britain konse. Chisanathe chakacho bambo ake anamwalira, ndipo khonsolo inamupempha kuti agwirizire mpandowo. Kwa miyezi ingapo ya chisanu mtsikana wa zaka 21 ankayendera misewu, madoko a m'mbali mwa nyanja ndi nyumba za makhoti m'dera lamvula ndi mphepo. Itafika nthawi yolemba munthu wokhazikika, anafunsira nawo, koma sanamutenge.

Ntchito yomwe anaigwira bwino ija inamuthera pomwepo. Mu 1908 anapita ku London n'kukhala woyendera mafakitale, kuona ngati amayi ogwira ntchito sakuphedwa pang'onopang'ono ndi mtovu ndi mankhwala ena oopsa. Anakwatiwa mu 1916, mwamuna n'kufera kunkhondo chaka chotsatira. Kuchokera apo moyo wake unapita ku chipembedzo ndi ndakatulo. Buku lake loyamba la ndakatulo linatuluka mu 1922, ndipo mu 1923 anasamukira ku Boston komwe anamwalira mu 1969. Yunivesite ya ku Galway inapatsa nyumba yake yophunzitsiramo uinjiniya dzina la Alice Perry mu 2017. Ndi ulemu woyenera, koma unabwera mwini wake atagona m'manda zaka 48. Ndakatulo zake sindikuzipeputsa ayi. Chondiwawa n'chakuti sanapatsidwe mwayi wochita zonse ziwiri.

Nora Stanton Blatch yekha sanachoke mwakachetechete. Anali mdzukulu wa Elizabeth Cady Stanton, mmodzi mwa amayi otchuka omenyera ufulu wovota ku America, ndipo magazi amenewo anali nawo. Anamaliza ku Cornell University mu 1905, n'kugwira ntchito ku American Bridge Company komanso ku bungwe loona za madzi mumzinda wa New York. Mu 1908 anakwatiwa ndi Lee de Forest, katswiri wa zawailesi, yemwe ankafuna kuti mkazi wake asiye ntchito akhale pakhomo. Banjalo silinalimbe. Nora anapitiriza ntchito uku akuyenda m'misonkhano yolimbikitsa kuti amayi azivota. Bungwe la mainjiniya la American Society of Civil Engineers linkamulola kukhala membala wa gulu la achinyamata basi, ndipo litamukaniza kukwera anakalisumira kukhoti mu 1916. Mlanduwo anagonja. Bungwelo linalandira mayi woyamba ngati membala weniweni, Elsie Eaves, mu 1927, ndipo linadzamupatsa Nora umembala wapamwamba mu 2015, iye atamwalira kale mu 1971.

Chaka chomwecho cha 1927, ku London, bungwe la Institution of Civil Engineers lomwe linakhazikitsidwa mu 1818 linalandira Dorothy Buchanan wa ku Scotland. Anali atagwira nawo masamu a zitsulo za mlatho wa Sydney Harbour ali ku kampani ya Dorman Long. Patangotha zaka 3 anakwatiwa n'kusiya ntchito, monga unalili mwambo masiku amenewo. Zaka zotsala za moyo wake anazipereka ku kukwera matanthwe ndi kujambula zithunzi.

Alipo amene zinawayendera mosiyanako. Olive Dennis, yemwe anali mphunzitsi wa masamu asanatenge digiri ku Cornell mu 1920, anakhala zaka zoposa 30 ku kampani ya sitima ya Baltimore and Ohio. Ankakwera sitimazo usiku ndi usana ngati wapaulendo wamba kuti amve pomwe pakupweteka, ndipo kuchokera m'maulendowo munatuluka mipando yotsamira chagada, magetsi otha kuchepetsedwa kuwala usiku, ndi kachipangizo kolowetsa mpweya pawindo popanda kulitsegula.

Mabungwe akuluakulu aja anatenga nthawi kuti asinthe. La ku America linakhala ndi pulezidenti woyamba wamkazi, Patricia Galloway, mu 2004. La ku Britain linasankha Jean Venables mu 2008, patadutsa zaka 190 chilikhazikitsireni. Kuyambira mu 2014, pa 23 Juni pamakhala tsiku lokumbukira amayi a ntchito za uinjiniya.

Kwathu kuno malamulo saletsa mtsikana kuphunzira uinjiniya wa zomangamanga ku MUBAS, yomwe ambiri timaitchulabe Polytechnic. Chimene chatsala ndi pakamwa pathu. Mtsikana akasankha ntchitoyi amamvabe mawu akuti ndani adzakukwatire uli m'majombo ndi chisoti, ukununkha simenti. Akayamba ntchito, kwaya ya kutchalitchi, netibolo, kulemba kapena ana ake zimasanduka umboni woti salimbika, pamene mnzake wamwamuna wokonda mpira palibe amamufunsa. Namondwe wa Freddy mu 2023 anakokolola milatho ndi misewu yambiri m'chigawo chakumwera, ndipo yoti imangidwe ikadalipo yochuluka. Makolo ndi olemba ntchito, mtsikana wodziwa masamu musamuuze kuti asankhe chimodzi. Mulekeni amange mlatho masana, madzulo akaimbe kwaya yake.