Dzuwa ndi Shire: Mbiri ya Ndondomeko ya Magetsi m'Malawi

Kwa zaka makumi asanu, magetsi a dziko la Malawi ankadalira mtsinje umodzi. Makina opukusa magetsi a pa Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966, a pa Tedzani anatsatira m'zaka za m'ma 1970, ndipo a pa Kapichira anatsegulidwa mu 2000. Malo atatuwa ali pa mtsinje wa Shire, ndipo ndiwo ankapereka pafupifupi magetsi onse a dzikolo.

Ganizo logwiritsa ntchito dzuwa silinachedwe kulembedwa, koma linachedwa kuchitika. Ndondomeko ya boma ya za mphamvu ya 2003 inatchula dzuwa ndi mphepo, ndipo malamulo a 2004 anatsegula njira yokhazikitsira bungwe la MERA loyang'anira ntchitozi. Patapita zaka zowerengeka, boma linaika zipangizo za dzuwa ndi mphepo m'midzi ingapo yoyeserera. Zambiri mwa zipangizozi zinaleka kugwira ntchito mabatire atatha mphamvu, popeza panalibe ndalama zogulira ena kapena amisiri ozikonza. Komanso nthawi yonseyi ESCOM ndiyo inkapanga, kutumiza ndi kugulitsa magetsi, moti makampani ena analibe mpata weniweni.

Chimene chinasintha zinthu ndi chilala cha 2015 ndi 2016. Madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika, Shire anachepa mphamvu, ndipo magetsi ankazima kwa maola ambiri tsiku lililonse. Zigayo zinaima, mafakitale anachepetsa ntchito, zipatala zinadalira majenereta. Mu 2016 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la magetsi. Ntchito yopanga magetsi inachotsedwa ku ESCOM n'kuperekedwa ku EGENCO mu 2017, ndipo makampani omwe si aboma analoledwa kupanga magetsi ndi kuwagulitsa kwa ESCOM. Mu 2018, pamene dzikolo linkalipira ndalama zambiri pa majenereta a dizilo obwereka, boma linavomereza ndondomeko yatsopano yolimbikitsa njira zosiyanasiyana zopangira magetsi.

Zipatso zake zinaoneka mu 2021, pamene kampani ya JCM Power inatsegula malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 ku Salima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anatayika kwa nthawi yoposa chaka. Chaka chomwecho malo a ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20 komanso okhala ndi mabatire osungira mphamvu, anayamba ntchito. Dzuwa silinatseke mpata wonse umene Kapichira anasiya, koma masana linapeputsa vutolo.

Komabe magetsi a ku Salima ndi ku Golomoti amalowa m'nthambo za ESCOM, zomwe malinga ndi kalembera wa 2018 zinkaunikira mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse. Kumidzi, dzuwa linafika makamaka kudzera m'tizipangizo timene anthu ankadzigulira okha, tokwanira kuyatsa nyali ndi kutchaja foni koma osati kuphikira. Choncho nkhuni ndi makala zidakali pa mafuwa a mabanja ambiri. Mitengo ikatha m'mapiri ozungulira Shire, mvula imakokolola dothi kupita mumtsinje, ndipo matopewo amakadzaza pa Nkula ndi pa Tedzani, n'kuchepetsa magetsi omwe a m'tauni amadalira.