Manda, Nkhalango ya Mudzi ndi Nkhalango ya Boma: Mbiri ya Kusunga Mitengo kwa Zulu ku Mchinji

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Lilongwe, kudzera pa Namitete ndi pa Kamwendo mpaka ku malire a Zambia, akamamwaza maso m'nyengo ya chilimwe amaona minda yokhayokha yokololedwa kale, ndipo apo ndi apo kankhalango kakuda bii kataima pakati pa mindayo ngati chilumba. Mlendo angayese kuti mitengoyo anabzala ndi a zankhalango. Mwini dera amadziŵa kuti pamenepo ndi pamanda. Pamandapo palibe mlonda wa boma, palibe waya, palibe chikwangwani choletsa, komabe mbaŵa, muŵanga ndi mikuyu zikadali chiimire. Pamene nkhalango ya m'mapiri a Mchinji, imene lamulo lakhala likuiteteza kuyambira mu 1924, ikunka niyepuka chaka ndi chaka. Chodabwitsa chimenechi ndicho tifuna kuchilondola m'mbiri ya dera lino, pakuti tsono ife ansembe tikupemphedwa kaŵirikaŵiri kulalikira za chilengedwe, ndipo nkosavuta kulalikira ngati kuti anthu athu sanamvepo za kusunga mtengo kufikira titafika ife.

Angoni a Mpezeni asanafike, Acheŵa a kuno anali ndi malamulo awo okhudza tchire, ngakhale kuti sanalembedwe. Mwini mudzi ndiye ankagaŵa malo olima, ndipo mwini dziko ndiye ankalamula nthaŵi yotentha tchire ndi yochita uzimba. Kumanda sikunkaloŵedwa wamba, ndipo nkhwangwa inkaloŵako pa maliro pokha. Kumeneko, kapena pafupi pake, ndiko kunali dambwe la Nyau, malo amene munthu wosameta sakadayerekeza kupondako. Mitengo ya zipatso monga msuku inkasiyidwa polima mphanje. Pansi pa msolo kapena kachere ankathira nsembe popempha mvula, ndipo pa chilala chachikulu maso a Acheŵa ankaloza ku Msinja kwa Makewana. Bambo Matthew Schoffeleers, m'buku limene anasonkhanitsa mu 1979, anasonyeza kuti akachisi a mvula otereŵa ankagwira ntchito yoyang'anira nthaka, moto ndi nyengo zobzala, kotero kuti chipembedzo ndi ulimi sizinali nyumba ziŵiri zosiyana. Koma tisakometse zakale mopitirira. Makolo ankagwetsa mitengo yambiri potsegula minda, ankaotcha makala osungunulira chitsulo m'ng'anjo, ndipo nthaka ikaguga ankangosamuka. Chimene chinkapulumutsa tchire chinali mwambo, inde, komanso kuchepa kwa anthu.

Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 ali ndi Zwangendaba, ndipo gulu la Mpezeni linadzakhazikika m'dera la Chipata ndi Mchinji cha m'ma 1870. Iwo anabwera ndi ng'ombe ndi midzi ikuluikulu yothithikana, imene inkadya nkhuni ndi msipu kuposa timidzi ta Acheŵa. Ufumu wawo unathyoledwa ndi asilikali a Angelezi mu Januwale 1898. Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo malire atsopano anadula mtundu umodzi paŵiri. A Zulu ndi a Mlonyeni anatsala mbali ya Nyasaland, pansi pa boma la Fort Manning, pamene Inkosi yawo yaikulu inatsala ku Fort Jameson. Patangopita zaka zisanu, mu 1903, Abambo Oyera anatsegula mishoni ya Kachebere m'tsinde mwa phiri la Kalulu, pamene seminale yaikulu inadzayambira mu 1939.

Boma la atsamunda linayang'ana mapiri a Mchinji ndi maso a munthu wodera nkhaŵa za madzi. M'mapiri amenewo ndimo muchokera mtsinje wa Bua, umene umakathira m'nyanja ku Nkhotakota. Nchifukwa chake mu 1924 linapatula malo oposa mahekitala 19,000 kuti akhale nkhalango ya boma. Cholinga chake chinali chanzeru, ndipo tiyenera kuvomereza kuti popanda lamulo limenelo mwina lero bwenzi mapiriwo ali mbee. Koma kwa mwini mudzi amene makolo ake ankafula uchi, kuzula boŵa ndi kutola matondo m'menemo, tanthauzo lake linali lina: tchire limene dzulo linali lake, lero lasanduka la Mzungu, ndipo iye akaloŵamo ndi nkhwangwa ndi mbala. Maganizo akuti "nkhalango nja boma" anabadwa pamenepo, ndipo sanafe mpaka lero.

Chimene ambiri sadziŵa nchakuti boma lomwelo linayesanso njira ina. Mu 1926 a zankhalango anayambitsa nkhalango za m'midzi. Nyakwaŵa inkapatula kachigawo ka malo osalimidwa, malire ake nkulembedwa, ndipo kudula mtengo m'menemo kunkafuna chilolezo cha nyakwaŵayo, osati cha bwanamkubwa. Mitengo yake inali ya mudzi womwewo, ya milimo, ya phaso ndi ya nkhokwe. Pofika mu 1940 nkhalango zoterezi zinali zitakwana mahekitala pafupifupi 69,000 m'dziko lonse, ndipo zambiri zinali m'Chigawo cha Pakati. Zinayenda bwino chifukwa zinafanana ndi chimene anthu ankachidziŵa kale: malo opatulika okhala ndi mwini wake wodziŵika, amene angathe kuitanitsa nkhuku kapena mbuzi kwa wolakwa.

Nkhondo yachiŵiri itatha, mzimu wa boma unasintha. Malamulo a zachilengedwe a 1946 ndi 1949, pamodzi ndi mantha amene njala ya 1949 inadzetsa, zinabala chimene anthu anachitcha malimidwe. Pa ulamuliro wa Bwanamkubwa Geoffrey Colby alangizi ankayendera minda ndi kukakamiza anthu kuleka matutu, kulima mizere yopingasa ndi kuumba migula. Wokana ankalipitsidwa, kuzulidwa mbewu kapena kutsekeredwa. Mizere yopingasa imatetezadi nthaka, ndipo lero pafupifupi mlimi aliyense amalima motero popanda womuopseza. Koma m'zaka zimenezo inasanduka chizindikiro cha ukapolo. Mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pa mpando italimbikitsa anthu ake kukana malamuloŵa, ndipo andale a Congress anapeza kuti panalibe nkhani yokopa alimi kuposa kudana ndi malimidwe. Phunziro labwino linaloŵa m'mitima ya anthu litavala yunifolomu ya mesenjala, ndipo ufulu utabwera mu 1964 ambiri anauŵerenga ngati ufulu wolima m'mphepete mwa mtsinje ndi m'phiri momwe.

Zaka za Dr. Kamuzu Banda zinali ndi nkhope ziŵiri pa nkhaniyi. Mu 1976 boma linakhazikitsa tsiku lobzala mitengo, ndipo mwezi wa Januwale uliwonse ana a sukulu ankanyamula mbande za bulugamu ndi malaina. Koma m'zaka zomwezo malo ochuluka a mafumu ku Mchinji ndi ku Kasungu anasandutsidwa maesiteti a fodya, pakuti lamulo la malo la 1965 linapatsa nduna mphamvu yobwereketsa malo a makolo kwa munthu mmodzi. Fodya wa fuluu amauma ndi moto wa nkhuni usana ndi usiku. Wa bale amafuna zigafa, ndipo chigafa chimadya milimo ndi mapanda amene chiswe chimamaliza m'zaka zochepa. Anthu a m'midzi anapanikizika pa malo otsala, matenanti anabwera kuchokera ku maboma ena, ndipo chiŵerengero cha anthu m'boma la Mchinji, chimene chinali pafupifupi 159,000 mu 1977, chinapitirira 600,000 mu 2018. Mphamvu pa mitengo ya m'malo a makolo inachoka m'manja mwa nyakwaŵa kupita ku makhonsolo, kenaka mu 1985 ku likulu la boma. Nkhalango za m'midzi, zimene zinali zoposa 5,000 mu 1963, zinatsala pafupifupi 1,200 pofika mu 1994. Mbande za pa tsiku lobzala mitengo zinkajambulidwa zithunzi, koma mitengo yachilengedwe imene inali ndi mwini wake inasanduka yamasiye.

Ophunzira filosofi akumbukira kuti Aristotle, potsutsa Plato, anati chinthu cha anthu ambiri sichisamalidwa kwenikweni, ndipo Garrett Hardin anabwereza ganizo lomwelo mu 1968 pokamba za msipu wa onse. Mbiri yathu ikusonyeza kuti ganizoli nloona theka lokha. Manda nga anthu ambiri, koma ali ndi malire odziŵika, eni ake odziŵika, ndi chilango chimene aliyense amachiopa. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anapeza zomwezi m'maiko ambiri: chuma cha gulu chimasungika ngati gululo ndilo likupanga malamulo ndi kuŵeruza olakwa. Chimene chimatha msanga ndi chinthu chimene mwini wake ali kutali ndipo sangathe kuchilondera. Zinaoneka poyera mu 1994, pamene ndale za zipani zambiri zinayamba, mantha a boma nkuchepa: nkhalango za boma m'madera ambiri zinaloŵedwa ndi ootcha makala, koma manda anakhala osakhudzidwa.

Lamulo la zankhalango la 1997, lotsatira mfundo za boma za 1996, linali kuvomereza mochedwa kuti njira ya 1926 inali yolondola. Linabwezera kwa nyakwaŵa mphamvu yopatula nkhalango ya mudzi, linakhazikitsa makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, ndipo linalola kuti midzi yozungulira nkhalango ya boma igaŵane ndi boma udindo ndi phindu. Lamulo la 2020 linaonjezera zilango kwa ootcha makala popanda chilolezo. Komabe lamulo silingaphike nsima. Malinga ngati mabanja ambiri a ku Lilongwe ndi pa Mchinji boma aphikira makala, ndipo mnyamata wa m'mudzi alibe kwina kopezera ndalama ya feteleza, njinga zonyamula matumba zidzapitirirabe kutsika m'phiri mbandakucha. Kumuuza mnyamata ameneyo kuti ndi mdani wa chilengedwe, ife tikudya nsima yophikidwa ndi makala ake, si ulaliki wachilungamo.

Nzeru zina zothandiza zabwera kudzera m'malire omwe aja amene anadula Angoni paŵiri. Pa Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri a ICRAF anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa pamodzi ndi alimi kugoneka munda zaka ziŵiri utabzalidwa jelejele, kuti nthaka ibwerere m'chimake ndipo banja lipezenso nkhuni. Gliricidia wobzala m'chimanga, nsangu imene imayoyola masamba nthaŵi ya dzinja kotero kuti siphimba mbewu, ndi chizoloŵezi chosiya zitsa kuti ziphukire m'munda, zonsezi zimafala kuchokera kwa mlimi kupita kwa mnzake, chifukwa mtengowo ndi wake ndipo phindu lake amaliona m'nkhokwe. Mbaula ya chitetezo, youmbidwa ndi dothi ndi amayi a m'midzi, yafalanso chifukwa mayi amene amayenda mtunda kukatola nkhuni safuna womufotokozera ubwino wake.

Nanga Eklezia waima pati m'mbiri imeneyi? Amishoni anabzala mango, malalanje ndi bulugamu, ndipo malo ambiri a mishoni akadali ndi mthunzi. Koma matchalitchi, masukulu ndi nyumba za ansembe zinamangidwa ndi njerwa zootcha, ndipo uvuni uliwonse unameza mitengo yachilengedwe. Choposa apo, m'zaka za m'ma 1920 Eklezia anamenyana koopsa ndi Nyau polimbirana ana a sukulu, ndipo mkhristu woloŵa gule ankaletsedwa masakramenti. Zifukwa za mkanganowo sizinali zachabe, ndipo si pano poziŵeruzira. Koma nzoona kuti gulu limene tinkalitcha la mdima ndilo linali mlonda wa nkhalango zimene zatsala, ndipo akhristu ambiri anaphunzira kuona manda ngati malo oopsa okha, osati opatulika. Ntchito ya Bambo Claude Boucher pa Kungoni ku Mua, kuyambira mu 1976, inatithandiza kuyang'ananso mwambowu mofatsa. Pamene Apapa Fransisko m'kalata yawo ya 2015, Laudato Si', anapempha kuti anthu a m'dera amvedwe ngati eni nkhani pa za malo awo, ananena chimene nyakwaŵa za kuno zakhala zikunena kuyambira 1924.

Chida chimene tili nacho kale ndi mphakati. Ambuye Patrick Kalilombe, amene anaphunzitsapo pa Kachebere asanakhale episkopi wa Lilongwe mu 1972, anamanga dayosizi pa timagulu ta akhristu okhala moyandikana, odziŵana maina ndi otha kudzudzulana. Kapangidwe kameneka nkofanana ndi kamene kanasunga manda ndi nkhalango za m'midzi. Koma mphakati ulibe malo. Malo ali ndi nyakwaŵa, ndipo m'mudzi momwemo muli a Nyau, a CCAP ndi Asilamu amene amatola nkhuni pa tchire limodzi. Wansembe wofuna kuti parishi yake isunge mitengo ayenera kuyamba wakhala pansi pabwalo la mfumu, kufunsa pamene panali malire a nkhalango ya mudzi yakale, ndi kumva chifukwa chimene inathera. M'midzi ina akuluakulu okumbukira malirewo akadalipo, ndipo zitsa za mombo ndi mtondo, zikatetezedwa ku moto ndi ku mbuzi, zimaphukanso zokha popanda kugula mbande.