Magalimoto Akale a M'minda ya Tiyi ku Mulanje

Munthu akamayenda m'misewu ya fumbi yodutsa m'minda ya tiyi yozungulira boma la Mulanje, nthawi zina amaona chigoba cha galimoto chitakhala pamiyala kuseri kwa galaja kapena pansi pa mtengo wa bulugama, udzu utamera mpaka m'kati mwake ndipo nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Ambiri amangoti ndi chiphakasa, nadutsa. Komatu chiphakasa chotere chili ndi mbiri yake, ndipo masiku ano chayambanso kukhala ndi mtengo.

Boma la Mulanje lidayamba ngati linga la atsamunda lotchedwa Fort Anderson m'zaka za m'ma 1890. Panthawi imeneyo kudalibe galimoto. Mzungu ankanyamulidwa pamachira, ndipo katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga. M'chaka cha 1891 Henry Brown adadzala tiyi ku Thornwood, ndipo pang'onopang'ono tiyi adalowa m'malo mwa khofi yemwe sankachita bwino m'derali. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908 podzera pa Luchenza. Kuyambira pamenepo vuto la eni minda lidali limodzi: kufikitsa mabokosi a tiyi kusiteshoni ya Luchenza m'misewu yomwe m'dzinja inkasanduka phala. Vuto limeneli ndilo lidaitana malole, ndipo pambuyo pake magalimoto a mabwana oyang'anira minda.

Galimoto yomwe idagwirizana kwambiri ndi dziko lotere ndi Land Rover. Idayamba kupangidwa ku Solihull m'dziko la England mu 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Poti chitsulo chidali chosowa m'zaka zimenezo, thupi lake adalipanga ndi aluminiyamu, chinthu chomwe sichichita dzimbiri. Inkakoka ndi matayala onse anayi, choncho inkakwera zitunda za m'tsinde mwa phiri pamene magalimoto ena ankangozungulira m'matope. Eni minda, a DC, apolisi, a zankhalango ndi amishoni onse adaikonda. Pambali pake padali malole a Bedford, tigalimoto ta Morris Minor ndi Volkswagen, kenaka Peugeot 404 yomwe idatuluka mu 1960 ndi mng'ono wake 504 wa mu 1968. Anthu wamba ankadalira mabasi a Nyasaland Transport Company, kampani yomwe pambuyo pa ufulu idadziwika ndi dzina loti UTM.

Nanga adaferanji magalimoto olimba chonchi? Ena adangokalamba, koma ambiri adaphedwa ndi kusowa kwa masipeyala. Nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha mu 1992, idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo katundu aliyense wochokera kunja adakwera mtengo. Galimoto inkaimikidwa chifukwa cha kachitsulo kamodzi, mwiniwake nkumati tidzakonza mwezi wamawa. Mnzake akabwera kudzabwereka sitata, wina kabuleta, wina matayala, galimoto ija inkatha ngati nyama yogawana. Kenaka, chitadutsa chaka cha 1994, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan adasefukira m'dziko muno, otsika mtengo ndiponso osamwa mafuta ambiri. Palibe adaonanso chifukwa chovutikira ndi nkhalamba. Ogula zitsulo zakutha adatenga gawo lawo, amisiri adasula mipeni ndi nkhwangwa kuchokera kumasipuling'i, ndipo maekiselo ambiri lero akukokedwa ndi ng'ombe pansi pa ngolo.

Kunja kwa dziko lino zinthu zidayenda mosiyana. Mu 2014 ku France kudapezeka magalimoto pafupifupi 60 omwe Roger Baillon adasonkhanitsa ndipo adaiwalika m'zisakasa kwa zaka zambiri. Imodzi mwa iwo, Ferrari yomwe idakwiririka ndi milu ya magazini, idagulitsidwa ku Paris mu 2015 pamtengo woposa mayuro 16 miliyoni. Land Rover nayo idakwera mtengo pamene kampani yake idasiya kupanga Defender wakale mu Januwale 2016. M'chaka chomwecho kampaniyo idayamba kufunafuna magalimoto ake oyambirira m'maiko osiyanasiyana, kuwakonzanso ndi kuwagulitsa pamtengo woyambira mapaundi 60,000. Sitikunena kuti ku Mulanje kuli Ferrari yobisika ayi, koma Land Rover yakale ya kuno ili ndi chiwongolero kudzanja lamanja monga momwe wogula wa ku Britain kapena ku South Africa amafunira.

Ntchito youkitsa galimoto yotere si yamasewera, ndipo ku Mulanje ili ndi mdani wakewake. Mvula yomwe imameretsa tiyi ndi yomweyo imene imadya chitsulo. Thupi la Land Rover likhoza kuoneka lamoyo pamene chasisi, yomwe ndi yachitsulo, idaola kale. Nchifukwa chake makaniko wodziwa ntchito sayamba ndi kuyang'ana penti. Amagona pansi ndi hamala nkumagogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, akumvetsera pomwe pakulira ngati chitini. Akakhutira amafufuza nambala ya chasisi ndi ya injini, pakuti wogula wozindikira amalipira zambiri pa galimoto yomwe injini yake ndi yomwe idabadwa nayo. Injini yogona zaka zambiri sailiza msangamsanga: amathira mafuta m'masilinda, nadikira masiku, kenaka nkuizunguza ndi dzanja. Mabuleki, mawaya ndi mapaipi a labala zonse zimafuna zatsopano, ndipo zambiri nzoitanitsa kunja nkulipira msonkho. Chovuta china, chomwe ambiri amachiiwala, ndi mapepala. Galimoto yopanda bulubuku, mwiniwake atamwalira kalekale ndipo ana ake akukanganirana chuma chamasiye, ikhoza kukonzedwa bwinobwino koma osaloledwa kuyenda pamsewu.

Apa mpomwe pagona nkhani. Mayi wamasiye yemwe ali ndi chigoba kuseri kwa nyumba amachiona ngati chobisalamo njoka, ndipo wogula akabwera ndi ndalama zogulira matumba angapo a feteleza amavomera mwachimwemwe. Sadziwa kuti nambala yokhomedwa pachitsulopo ndiyo yamtengo kuposa kulemera kwa chitsulocho. Wogulayo sitingamutche wakuba, pakuti akadapanda kubwera galimotoyo ikadathera kwa odula zitsulo. Koma kusiyana kwa zimene awiriwa akudziwa nkwakukulu, ndipo phindu limatsata wodziwayo.

Palinso funso la zomwe zimatsala kuno. Kumalo osungirako zinthu zakale ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, omwe adatsegulidwa mu 1966, kuli injini ya sitima yakale, galimoto yozimitsira moto ndi basi ya nthawi ya atsamunda, ndipo ana asukulu amapita kukaziona. Ku Mulanje, komwe malole adasenza tiyi kwa zaka zambirimbiri kupita ku Luchenza, kulibe malo otere osungirako magalimoto. Mwana wa pa Chitakale yemwe agogo ake adali dalaivala wa Bedford amangomva dzina lokha.