Choonongeka ndi cha mumtima: mbiri ya chilango ku Phalombe

Mabwalo a mafumu a m'chigwa cha Phalombe, kuchokera m'tsinde mwa phiri la Michesi mpaka ku nyanja ya Chilwa, kuyambira kale ankaweruza poyang'ana choonongeka. Amang'anja ngakhalenso Alhomwe, amene anayamba kubwera ambiri kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ankagwirizana pa mfundo imeneyi. Mbuzi ikalowa m'munda wa mnansi n'kudya chimanga, mwini wake ankalipa ngakhale anaimangirira bwino ndipo chingwe chinaduka chokha. Moto wa anyamata osaka mbewa ukatentha nkhokwe, nduna zinkayamba zafunsa kuti banja lopsereredwalo lidya chiyani chaka chimenecho. Zoti wolakwayo anachita dala kapena mwangozi zinkabwera pambuyo, pofuna kukweza kapena kutsitsa dipo. Dipolo silinkagwera munthu mmodzi. Mwinimbumba, amene kawirikawiri ndi malume, ankasonkhanitsa nkhuku, mbuzi kapena makasu kwa abale, chifukwa mlandu wa mwana unali wa mtundu wonse.

Panalinso mlandu wina umene bwalo linkafufuza za mumtima popanda chochita chooneka ndi maso: ufiti. Munthu akamwalira mosadziwika bwino, woganiziridwa ankamwetsedwa mwabvi, madzi a khungwa la mtengo wapoizoni. Akasanza ndiye kuti wayera, akafa ndiye kuti anali mfiti. Apa ndi pamene anthu ambiri osalakwa, makamaka nkhalamba ndi anthu opanda owaikira kumbuyo, anatayira moyo.

Boma la atsamunda linasintha zonse ziwiri. Lamulo la za ufiti la 1911 linaletsa mwabvi ndiponso kunamizira munthu ufiti, kotero kuti maganizo oipa ongoganiziridwa anasiya kukhala mlandu. Kenaka buku la malamulo a zilango, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1930, linabweretsa kaweruzidwe ka ku England: kuti munthu apezeke wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, pamafunika umboni wa chimene anachita komanso wa chimene ankafuna. Ndime 209 ikunena za kupha mwadala, ndipo ndime 208 ikunena za kupha kosakonzekera, komwe chilango chake woweruza amachiyeza malinga ndi mmene zinthu zinayendera. Koma lamuloli linali ndi chilema chachikulu. Aliyense wopezeka wolakwa pa ndime 209 ankayenera kunyongedwa, kaya ndi chigawenga chimene chinakonza chiwembu kwa miyezi, kaya ndi mayi amene anatopa ndi nkhanza za mwamuna wake. Cholinga chinkafufuzidwa pogamula mlandu, n'kuiwalidwa popereka chilango. Banja la womwalirayo nalo silinkalandira chipukutamisozi chimene bwalo la mfumu likadalamula.

Mu 1969 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linapereka milandu yakupha ku makhoti a miyambo a m'zigawo, komwe oimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Makhotiwa anatha mu 1994, ndipo palibe mkaidi amene wanyongedwa m'dziko muno chichokereni 1992. Kusintha kwenikweni kunadza mu 2007 pa mlandu wa Kafantayeni, pamene khoti lalikulu linagamula kuti chilango cha imfa chokakamiza n'chosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira 2015 akaidi oposa 100 anamvedwanso, ndipo oweruza anaganizira msinkhu, thanzi la m'mutu ndi zimene zinachititsa mlandu. Ambiri anatuluka kapena kuchepetseredwa zaka.

M'midzi, kaweruzidwe konga ka mwabvi sikanatheretu. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Phalombe, Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Magulu a anthu ankatseka misewu usiku, kufufuza m'zikwama za alendo, ndipo anthu angapo anaphedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Phalombe ndi Mulanje. Ophedwawo anafera cholinga chimene anzawo anangowaganizira, popanda dontho la magazi limene linapezeka nawo.

Malamulo a Malawi lero amafuna kuti chochita chitsimikizike poyamba, kenaka cholinga chiyeze kukula kwa chilango. Dongosolo limeneli ndi lolondola, ngakhale likadali lopunduka pa nkhani yopepesa banja lolakwiridwa, imene mabwalo a mafumu a ku Phalombe ankaigwira bwino kuposa makhoti.