Chithuwi ndi masiku atatu oyamba a m'chikuta

Kalelo m'midzi ya m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, mwana akabadwa ankabindikira m'chikuta pamodzi ndi mayi wake kufikira mchombo utagwa. Mwamuna sankapondamo, ngakhale bambo wake weniweni. Eni nyumbayo anali azamba ndi amayi achikulire a pambumba, ndipo nkhawa yawo yaikulu inali pa masiku atatu oyamba, pamene bere la mayi likadali lofewa, likungotulutsa timadontho tachikasu tonanda totchedwa chithuwi. Khanda likalira usiku, funso linali limodzi: kodi mwanayu adya chiyani mkaka usanabwere?

Mabanja sankayankha mofanana. Ena ankamuika mwana kubere tsiku lomwelo. Koma ena ankati chithuwi ndi mkaka wakuda umene wakhalitsa m'bere, choncho ankachifinyira pansi, khandalo n'kulimwetsa madzi, kaphala kamadzimadzi kapena mankhwala a zitsamba. Mayi naye ankamudyetsa phala lotentha, thobwa ndi mtedza kuti mkaka utsike msanga.

Mwini mawu pa nkhaniyi sanali mayi wa mwana. Mu 1938 ndi 1939 boma la atsamunda linachita kafukufuku wa zakudya m'boma la Kota Kota, limene nthawiyo linkafika mpaka kumapiri a Ntchisi. Anatsogolera ntchitoyo ndi Dr B. S. Platt, ndipo m'gulu lake munali Margaret Read, katswiri wa miyambo. Buku lake la 1959, Children of Their Fathers, limasonyeza kuti pakati pa Angoni wolamula za khanda anali agogo aakazi a kuchimuna. Kwa Achewa a chikamwini udindowo unali wa a kuchikazi. Patapita zaka pafupifupi 70, kafukufuku wa Rachel Bezner Kerr ndi anzake ku Ekwendeni, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti agogo anali akadali ndi mphamvu pa zopatsa makanda mzuwula ndi dawale, miyezi isanu ndi umodzi isanakwane.

Chimene akuluakulu sankatha kuchiona ndi maso n'chakuti thupi la mayi limayamba kupanga chithuwi pakati pali pa miyezi inayi kapena isanu. Chimaletsa mkaka wambiri kutuluka ndi nsengwa, imene imathira m'magazi mchere wa m'thupi wotchedwa progesterone. Nsengwa ikatuluka, mcherewo umatsika, ndipo pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi mabere amalemera, kutentha ndi kudzaza. Apa mpamene amayi amati mkaka wabwera. Kudikiraku si chilema. Chifu cha khanda la tsiku limodzi chimalandira pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi pa nthawi, ndipo chithuwi chimakwanira muyeso womwewo. Muli chitetezo chimene chimamata m'matumbo a mwana kuti tizilombo tisalowe, komanso chimathandiza kutulutsa chimbudzi chakuda choyamba chija. Madzi a pachitsime kapena a zitsamba amalowetsa matenda otsegula m'mimba, ndiponso amakhutitsa mwana kuti asayamwe, pamene kuyamwa pafupipafupi ndiko kumaitana mkaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu unalipo, koma kulira kwa khanda kunkauiwalitsa.

Adzukulu ophunzira asathamangire kuseka agogo awo. M'zaka zomwezo zipatala za ku Ulaya zinkachotsa khanda kwa mayi wake, kuligoneka m'chipinda china, kulimwetsa madzi a shuga ndi kulibweretsa kubere poyang'ana wotchi, maola anayi aliwonse. Kulakwa kunali kumodzi, kungosiyana zovala. Ndipotu chikuta chinkaposa chipatala pa mfundo imodzi yaikulu: mayi ndi mwana ankagona pamphasa imodzi usana ndi usiku, mayiyo atapumitsidwa kumunda, kumtondo ndi kudambo. Mu 1939, pamene gulu la Platt linkayeza ufa ndi ndiwo m'midzi ya kuno, Dr Cicely Williams anali ku Singapore kudzudzula poyera amalonda a mkaka wa m'zitini chifukwa cha imfa za makanda.

Zinthu zinasintha mochedwa. Bungwe la WHO linakhazikitsa malamulo oletsa kutsatsa mkaka wa m'zitini mwachisawawa mu 1981. Mu 1991 WHO ndi UNICEF anayambitsa ndondomeko ya zipatala zokomera ana, yolamula kuti mwana aikidwe kubere atangobadwa ndipo asapatsidwe china chilichonse, ndipo Malawi anailandira mu 1993. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti makanda oyamwa bere lokha sankafika ngakhale 5 pa 100 aliwonse. Wa 2010 anapeza 71 pa 100, koma wa 2015-16 anaonetsa kuti chiwerengerocho chatsika kufika pa 61. Ku Ghana, kafukufuku wa Karen Edmond wa 2006 anasonyeza kuti imfa 22 pa 100 za makanda osakwana mwezi zingapewedwe onse atayamba kuyamwa mu ola loyamba.

Azamba nawo anakumana ndi zawo. Boma linawaletsa kubereketsa mu 2007, Pulezidenti Bingu wa Mutharika n'kuchotsa chiletsocho mu 2010, komabe pofika 2015-16 ana 91 pa 100 ankabadwira kuchipatala. Apa pali chinthu chimene ambiri sachilingalira. Mayi amene wachira bwino amatulutsidwa pakatha tsiku limodzi kapena awiri, mkaka usanabwere. Usiku wovuta uja, pamene khanda silitonthola ndipo bere likuoneka lopanda kanthu, umamupezabe kumudzi, namwino kulibe, pambali pake pali agogo. Maphunziro a kusikelo amapita kwa mayi, koma wogwira kapu ya madzi ndi wina.

N'chifukwa chake agogo a lero ayenera kudziwa zizindikiro. Mwana amene akukhuta amanyowetsa matewera ochulukirapo tsiku ndi tsiku, kufika asanu ndi limodzi pa tsiku lachisanu, ndipo chimbudzi chake chimasintha kuchoka pa chakuda kukhala chachikasu. Mkaka umatha kuchedwa kwa mayi wa mwana woyamba, wochitidwa opaleshoni, wotaya magazi ambiri, kapena amene kachidutswa ka nsengwa katsalira m'kati. Ngati tsiku lachinayi lapita mabere asanadzaze, kapena khanda likungogona osafuna kuyamwa, maso ndi khungu zili chikasu, mayi ndi mwana abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti mchombo ugwe.